Maimelo akulowa koma akukana kutuluka pa kompyuta, chonde ndithandizeni

Mlembi Wosowa Tulo:
Akuluakulu ndi anzanga nonse a pa gulu lino, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere kuyambira Lolemba, ndipo ndikupempha amene amadziwa za makompyuta kuti andithandize Lachisanu lisanafike. Ndimagwira ntchito ya ulembi mu ofesi yaing'ono, ndipo makalata onse a ofesi amatuluka kudzera mu pulogalamu ya imelo imene ili pa kompyuta ya patebulo langa. Maimelo akulowa bwinobwino ngati kale, koma ndikalemba yanga n'kudina kuti ipite, pamatuluka kabokosi kodandaula, ndipo imeloyo imangokhala pa sikirini osachoka. Ndazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso kosawerengeka, ndazula chingwe cha intaneti n'kuchibwezera, koma palibe chimene chasintha.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti abwana anga akuganiza kuti ndikuchita ulesi. Dzulo anandifunsa pamaso pa alendo ngati ndinaphunziradi ntchito imeneyi, chonsecho kompyutayi ndinaipeza itakalamba kale, ndipo amene ankaigwiritsa ntchito ine ndisanabwere anachoka osandisiyira ngakhale kapepala kofotokoza mmene anaikonzera. Palinso mnzanga wina mu ofesi momwemo amene amakonda kukhala pa mpando wanga nthawi yopuma n'kumatsegula zinthu zake, ndipo ndikamuletsa amati ndine wodzikonda. Bambo amene amatikonzera makompyuta sakuyankha foni yanga chiyambire sabata yatha, koma akawaimbira abwana amabwera akuthamanga. Makina osindikizira nawonso akumeza mapepala, ngakhale kuti imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Lipoti la mwezi likuyenera kupita Lachisanu m'mawa, ndipo likapanda kupita mlandu wonse udzagwera ine. Kodi ndichite chiyani?

Mkulu wa Mawaya:
Mayi, khazikani mtima pansi, pakuti vuto lanu ndalidziwa ndisanamalize n'komwe kuwerenga. Ndakhala ndikukonza zinthu zimenezi kuyambira nthawi imene intaneti inkadutsa mu chingwe cha telefoni, ndipo ndikukuuzani kuti nkhani ndi port basi, kutanthauza nambala ya khomo limene pulogalamu yanu imalowera pa seva, kompyuta yakutali imene imayendetsa maimelo. Anthu ambiri sadziwa kuti kulandira imelo ndi kutumiza imelo ndi misewu iwiri yosiyana. Polandira, pulogalamu yanu imalankhula ndi seva ya IMAP pa port 993, kapena ya POP3 pa port 995, pamene potumiza imalankhula ndi seva ya SMTP, ndipo n'chifukwa chake msewu umodzi ukhoza kutsekeka wina uli wotsegula. Amene anakukonzerani kompyutayo ayenera kuti anasiya SMTP pa port 25, imene makampani ambiri opereka intaneti anaitseka pofuna kuchepetsa maimelo achabechabe amene anthu achinyengo amamwaza. Muike 587 pamodzi ndi STARTTLS, ndipo ikakana muike 465 pamodzi ndi SSL/TLS. STARTTLS ndi SSL/TLS ndi njira ziwiri zotetezera makalata ali pa ulendo, ndipo musasakanize, chifukwa 465 ndi STARTTLS siziyendera limodzi. Mukachita zimenezi mubwerenso mudzandithokoze.

Wowerenga Chabe:
Pepani ndi mavutowa, Mayi. Kodi mungatiuze dzina la pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito, komanso kutilembera mawu enieni amene ali mu kabokosiko, pamodzi ndi nambala ngati ilipo? Popanda zimenezo tonsefe tikungolota.

Mnyamata wa Foni:
Ine ndimadabwa kuti mpaka lero anthu akulimbanabe ndi mapulogalamu a imelo a pa kompyuta. Amayi, tsegulani akaunti yanu pa intaneti mwachindunji kudzera pa Chrome kapena Firefox, kapenanso pa foni, ndipo lipoti lanulo lipita abwana asanamalize kukalipa. Za ma port zimenezi ndi zakale, ndipo palibe munthu wa msinkhu wanga amene amazisamala.

Mkulu wa Mawaya:
Inu anyamata a masiku ano mumathawa vuto n'kumati mwalithetsa. Kodi mukuganiza kuti pulogalamu ya imelo ya pa foni yanuyo imatumiza makalata kudzera mu mphepo? Ofesi imafuna kuti makalata ake akale azipezeka ngakhale intaneti itaduka, ndipo zimenezo simungazimvetse chifukwa simunasungepo makalata a zaka khumi. Mayi, musasokonezedwe, yang'anani port.

Agogo Opuma Ntchito:
Mwana wanga, nkhani yako yandikumbutsa zimene zinandichitikira nditatsala pang'ono kupuma ntchito. Ndinafuna kutumizira anzanga kanema wa msonkhano wathu wotsanzikana, ndipo sindinkadziwa kuti imelo ili ndi malire a katundu amene ingasenze. Kanemayo anakakamira mu Outbox, bokosi la makalata odikira kutuluka, ndipo kalata iliyonse imene ndinalemba pambuyo pake inaima pamzere kumbuyo kwake kwa sabata yathunthu, ine ndikukhulupirira kuti anthu akungondinyalanyaza. Ndinakwiyira mnzanga wina wapamtima popanda chifukwa, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi tikakumana. Mdzukulu wanga ndi amene anadzandifotokozera kuti Gmail, mwachitsanzo, salola mafayilo opitirira 25 MB pa imelo imodzi, komanso kuti fayilo imakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ikamakonzedwa kuti iyende pa imelo, choncho imene ikuoneka yaing'ono pa kompyuta ikhoza kukanidwabe. Anayamba wazimitsa intaneti, kenako n'kuchotsa kanemayo mu Outbox, ndipo atayatsanso intaneti makalata onse anatuluka nthawi imodzi, kuphatikizapo imene ndinalemba nditapsa mtima, imene ndikanakonda kuti isapite. Kodi lipoti lakolo lilibe zithunzi zambiri?

Wanthabwala wa Gulu:
Ine ndikuona ngati maimelo anuwo anamva mmene abwana amakalipira, ndiye aganiza kuti kuli bwino kukhala mkati mwa kompyuta kusiyana n'kutuluka panja. Muwalonjeze kuti abwana apita kutchuthi, mwina alimba mtima.

Mphunzitsi Wamkazi:
Achemwali, mundikhululukire koma ndikudzudzulani pang'ono. Mukulola bwanji kuti munthu wina azikhala pa kompyuta imene ili ndi makalata onse a ofesi inu kulibe? Kudina batani la Windows pamodzi ndi L sikutenga nthawi, ndipo kompyuta imakhala yokhoma mpaka mutabwerako. Mnzanuyo akhoza kuti anatsegula chinthu choipa chimene chikugwiritsa ntchito akaunti yanu kumwaza maimelo achinyengo, ndipo makampani a imelo akaona zotero amaimitsa kutumiza koma kulandira amakusiya. Ngakhale akaunti yaulere ya Gmail ili ndi malire a maimelo 500 patsiku. Tsegulani Sent, bokosi la makalata otumizidwa, muone ngati mulibe makalata amene inu simunalembe. Ndikuchenjezeninso kuti aliyense amene angakutsatireni kumbali n'kukupemphani pasiwedi kuti akuthandizeni, ameneyo ndi wakuba, ndipo mukamajambula sikirini kuti mutionetse muyambe mwabisa adiresi yanu.

Mlembi Wosowa Tulo:
Zikomo nonse chifukwa cha mayankho anu. Bambo, ndafufuza mpaka ndapapeza pamene pali port, koma ndapeza kuti panalembedwa kale 587. Ndasintha n'kuika 465 monga munanenera, ndipo kabokosi kaja kakutulukabe. Agogo, lipotilo ndi la masamba atatu okha opanda chithunzi, ndipo ngakhale imelo ya mawu awiri ikukana. Achemwali aphunzitsi, mukunena zoona, koma mnzangayo ndi m'bale wawo wa abwana, ndiye mukhoza kumvetsa pamene ndaima. Lero m'mawa wabweranso n'kundiuza kuti iye akanakhala pa mpando umenewu zoterezi sizikanachitika, ndipo ndinangodziletsa kuti ndisamuyankhe. Kabokosiko ndimakatseka msanga chifukwa abwana amadutsadutsa kumbuyo kwanga, ndipo sindifuna kuti aziona kuti zinthu zikundikanika.

Mkulu wa Mawaya:
Ngati port ili bwino, ndiye kuti pali chimene chaima pa khomo la port, choncho mawu anga sanagwe pansi. Ndi antivayirasi imeneyo. Mapulogalamu ambiri oteteza kompyuta amadziika pakati pa pulogalamu ya imelo ndi seva kuti azisanthula kalata iliyonse yotuluka, ndipo akangodzikonzanso okha usiku, m'mawa mumapeza kuti atseka njira. Zimitsani gawo lake losanthula imelo kwa mphindi zochepa, muyese kutumiza. Ngati pulogalamu yanu ya imelo ndi Outlook, lowaninso mu More Settings, pa Outgoing Server, muone ngati pali chizindikiro pa kabokosi konena kuti seva yotumizira imafuna dzina ndi pasiwedi. Nambala ngati 0x80042109 imatanthauza kuti pulogalamuyo yalephera kufika pa seva yotumizira. Zimenezi ndinaziloweza pamtima ena mwa inu musanabadwe.

Wa Zipangizo Zakale:
Palibe amene wafunsa za wotchi, chonsecho mayiwa anena okha kuti kompyuta ndi yokalamba. Mkati mwa kompyuta ya patebulo muli kabatire kozungulira kotchedwa CR2032, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi magetsi akazima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti tili zaka zambiri m'mbuyo, ndipo imakana setifiketi ya seva, imene imatsimikizira kuti sevayo ndi yeniyeni, poiona ngati nthawi yake sinakwane. Ine zinandivuta mwezi wathunthu, ndinafika pochotsa pulogalamu yonse n'kutaya makalata a chaka chimodzi, pamene vuto linali kabatire kochepa ngati batani la jekete.

Mkulu wa Mawaya:
Achimwene, wotchi ikalakwika ndiye kuti kulandiranso kukanavuta, ndipo masamba a pa intaneti akanayamba kudandaula. Mayiwa akuti maimelo akulowa. Muziyamba mwawerenga musanayankhe.

Wa Zipangizo Zakale:
Bambo, inunso munatitsimikizira kuti port ndi 25 ndipo yapezeka kuti ndi 587, koma palibe amene wakunyozani.

Mnyamata wa Foni:
Akuluakulu awiriwa akukanganirana zinthu za makedzana pamene dziko linasintha kale. Google inasiya mu 2022 kulola mapulogalamu kulowa mu akaunti za anthu wamba za Gmail ndi pasiwedi yokha, ndipo Microsoft inachitanso chimodzimodzi pa Outlook.com mu 2024. Masiku ano pulogalamu imafunika kulowa kudzera mu OAuth2, njira imene mumailoleza pa tsamba la kampani ya imeloyo, kapena pa Gmail mumapanga pasiwedi yapadera ya zilembo 16 mutayatsa kaye chitetezo cha magawo awiri. Pulogalamu yakale kwambiri singathe zimenezi, n'chifukwa chake ndikunenabe kuti aisiye.

Mkulu wa Mawaya:
Ndani wakuuzani kuti ofesiyi ili pa Gmail? Ndipo zikanakhala choncho vuto likanayamba kalekale, osati Lolemba lapitali.

Wowerenga Chabe:
Mayi, ndikubwerezanso pempho langa mwaulemu. Kabokosiko musakatseke, kawerengeni. Seva ikakana imelo imapereka chifukwa: nambala zoyamba ndi 4 zimasonyeza vuto losakhalitsa, pamene zoyamba ndi 5 zimasonyeza kukana kwenikweni, monga 535 pamene dzina kapena pasiwedi zakanidwa, 550 pamene adiresi palibe kapena simukuloledwa kutumiza, ndi 552 pamene katundu wachuluka. Mutiuzenso ngati pali chilichonse chimene chinasintha Lolemba lisanafike masana.

Mlembi Wosowa Tulo:
Pepani, funso lanu loyamba linandidutsa chifukwa cha kuchuluka kwa mayankho. Pulogalamuyo ndi Thunderbird, ndipo imelo ndi ya ofesi yathu, si ya Gmail ayi. Kabokosiko kalibe nambala, kakuyamba ndi mawu akuti Login to server, kenako dzina la seva, n'kumaliza ndi failed. Pansi pali mabatani atatu, Retry, Enter New Password ndi Cancel, ndipo ine ndakhala ndikudina Retry nthawi zonse. Lachiwirilo ndimaliopa, chifukwa Lolemba m'mawa abwana anasintha pasiwedi ya ofesi wantchito wina atachoka, ndipo ananena mwamphamvu kuti wina asayerekeze kuisinthanso. Koma sindikuganiza kuti zimenezi zikukhudzana, popeza yatsopanoyo ndinailemba kale pamene kompyuta inandifunsa, ndipo n'chifukwa chake maimelo akulowa.

Wowerenga Chabe:
Zikukhudzana kwambiri, Mayi. Thunderbird imasunga pasiwedi kawiri, ina ya seva yolandirira ndi ina ya seva yotumizira, ndipo inu mwaiuza yatsopano ku mbali imodzi yokha. Mukadina Retry imangobwereza yakale ija. Batani la Enter New Password silisintha pasiwedi ya ofesi, limangokupatsani mpata wolemba imene abwana anaika. Njira ina ndi kulowa mu Settings, pa Privacy & Security, n'kutsegula Saved Passwords, kenako n'kuchotsa mzere woyamba ndi smtp kuti pulogalamuyo ikufunseni mwatsopano. Musanatero bwezerani port pa 587 ndi STARTTLS monga munaipezera, yatsaninso antivayirasi ngati munaizimitsa, ndipo musiye kudina Retry, pakuti maseva ena amatseka akaunti kwa kanthawi akaona pasiwedi yolakwika ikubwera mobwerezabwereza.

Mkulu wa Mawaya:
Mwaona tsopano? Ndinanena kuyambira pachiyambi kuti kulandira ndi kutumiza ndi misewu iwiri, ndipo vuto lili ku SMTP. Aliyense akwere m'mwambamo awerenge yekha yankho langa loyamba.

Mphunzitsi Wamkazi:
Munanena za port, Bambo, ndipo mwawasinthitsa mayiwa chinthu chimene chinali bwinobwino.

Mlembi Wosowa Tulo:
Zikomo kwambiri, ndiyesa mawa m'mawa abwana asanafike. Chokhacho n'chakuti pasiwedi yatsopanoyo anandilembera pa kapepala, ndipo kapepalako sindikukaona chichokereni mnzanga uja pa mpando wanga dzulo. Kukawafunsanso abwana ndiye sindingayerekeze.

Wowerenga Chabe:
Mu Saved Passwords momwemo muli batani la Show Passwords, ndipo yatsopanoyo muipeza pa mzere woyamba ndi imap kapena mailbox. Koma za kapepala kosowako muyenera kuwauza abwana, chifukwa amene wakatola akhoza kuwerenga makalata onse a ofesi.

Mkulu wa Mawaya:
Zonsezo zili apo, Mayi, koma simunandiyankhe bwinobwino: pamene munaika 465 paja, munasinthanso kuchoka pa STARTTLS kupita pa SSL/TLS, kapena munangosintha nambala yokha?