OUTQ yabwerera kuchokera pa tepi koma mkati mulibe ma spool file

Wa_ku_Luwinga:
Akuluakulu, thandizeni maganizo. Ku ntchito kuno ku Mzuzu tili ndi makina a IBM i, amene ambiri timangowatchulabe AS/400. Usiku uliwonse timapanga SAVLIB (lamulo losunga library yonse, gulu la ma file) pa tepi ya LTO. A audit akufuna malipoti a malipiro a mwezi watha, ndiye tapanga RSTOBJ (lamulo lobwezeretsa kuchokera pa tepi) ya output queue yake. Imeneyi ndi OUTQ, mzere womwe mumakhala ma spool file, malipoti opita ku printer. OUTQ yabwerera bwinobwino, koma WRKOUTQ (lamulo loona za mkati mwake) ikuonetsa kuti mulibe kanthu. Kodi tepi ndiyo yawonongeka?

Katoto_Admin:
Achimwene, tepi ilibe mlandu. SAVLIB mukangoisiya momwe ilili imakhala pa SPLFDTA(*NONE), ndiye imasunga dzina ndi makonzedwe a OUTQ basi. Zolembedwa zenizeni za spool file zimakhala mu library ya QSPL, ndipo QSPL simungaisunge ndi SAVLIB. Version ya operating system ya V5R4 isanatuluke mu 2006, malamulo a save analibe n'komwe njira yosungira ma spool file. Kuyambira pamenepo muyenera kulemba nokha SPLFDTA(*ALL) pa SAVLIB kapena SAVOBJ. Ngakhale pa GO SAVE option 21 (yosunga makina onse) pali pofunsa za spooled file data, ndipo ambiri amangodutsa ndi Enter osaona. Zomwe sizinalowe pa tepi sizingatulukenso, choncho malipoti a mwezi watha yesani kuwatulutsanso kuchokera mu pulogalamu ya malipiro, ngati data ya mweziwo ilipobe.

Chenjezo limodzi: *ALL pa library ya QUSRSYS imatenga ndi OUTQ ya QEZJOBLOG yomwe, ma job log (zolemba za momwe job iliyonse yayendera) ambirimbiri opanda ntchito. Save imatalika, ndipo magetsi a ESCOM akathima pakati pake mudalira UPS yokha. Sesani QEZJOBLOG kaye, kapena sonkhanitsani ma OUTQ ofunika mu library yawoyawo.

Mayi_wa_Makina:
Ndionjezere, chifukwa *ALL siithetsa zonse. Spool file imene ili ndi SAVE(*NO) imafufutika ikangosindikizidwa. Malipoti akasindikizidwa masana, save ya usiku ipeza OUTQ yopanda kanthu ngakhale lamulo lili lolondola. Sinthani printer file ndi CHGPRTF SAVE(*YES).

Pobwezeretsa, RSTOBJ imakhala pa SPLFDTA(*NEW), kutanthauza kuti imabweza okhawo amene palibe pa makina. File ikakhala kuti wina anangoisunthira ku OUTQ ina, siibwera kachiwiri, ndipo anthu amataya nthawi kuganiza kuti restore yakanika pomwe WRKSPLF, lamulo loonetsa ma spool file, ikanaipeza. Komanso musanabweze, pangani ENDWTR kuti muimitse writer (pulogalamu yotumiza ma file ku printer), kapena HLDOUTQ kuti muimitse OUTQ. Ma file amene anali RDY (okonzeka kusindikizidwa) akapeza writer ikuyenda amayamba kusindikizika pomwepo, mapepala a malipiro a anthu n'kuunjikana pa printer ya pakhonde pomwe aliyense akudutsa.

Chimene chimapweteka kwambiri ndi ma file a *AFPDS, malipoti okhala ndi fomu ndi zithunzi. Overlay (fomu yake), page segment (chithunzi ngati logo), form definition ndi ma font nthawi zambiri sizikhala mkati mwa spool file. Ndi ma object apadera (*OVL, *PAGSEG, *FORMDF). Mukabweza pa makina ena popanda zimenezi, manambala atuluka koma logo, mizere ya fomu ndi siginecha sizioneka. Overlay ikasinthidwa chaka chino, lipoti lakale lituluka pa fomu yatsopano, ndipo a audit akhoza kulikana.

Wa_ku_Luwinga:
Zikomo mayi. Nanga CPYSPLF ija yokopera spool file mu file wamba, imene akale ankagwiritsa ntchito?

Chibavi_RPG:
Imagwirabe, koma pa malipoti a *SCS, a zilembo zokhazokha. Pangani physical file ya RCDLEN(133) pa lipoti la makolamu 132. Malo amodzi owonjezerawo ndi a control character, chizindikiro chouza printer podumpha mzere kapena tsamba. Kenako CPYSPLF CTLCHAR(*FCFC). Pofuna kusindikizanso, OVRPRTF CTLCHAR(*FCFC) ndi CPYF kupita ku QSYSPRT. Mukaiwala *FCFC masamba onse alumikizana popanda podukiza. Chotuluka ndi file yatsopano: dzina la job, user ndi tsiku loyambirira zimatayika.

Pa zosunga zaka zambiri ine ndingasankhe PDF. Pa version 7.2 kupita m'tsogolo, CPYSPLF TOFILE(*TOSTMF) WSCST(*PDF) imalemba file mu IFS (mbali ya makina ya ma folder ngati a pa PC), bola pulogalamu ya IBM ya 5770-TS1 ikhale yoikidwa. Kumbukirani kuti IFS imasungidwa ndi SAV, osati SAVLIB. Mukasintha lamulo la usiku, mawa lake pangani DSPTAP DATA(*SAVRST) OUTPUT(*PRINT) kuti muone zomwe zalowa pa tepi, kenako bwezani OUTQ imodzi mu library yoyesera ndi RSTLIB(TEST) pa RSTOBJ, mutayamba mwafufuta file imodzi yosafunika kuti muone ngati ibwerera.