Kodi chitetezo cha m'thupi chingalepheretse mayi kutenga pathupi?

Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ine ndi amuna anga takhala tikufunitsitsa mwana koma pathupi sipakubwera. Kuchipatala anandiunika: machubu ndi otseguka, ndimasamba mwezi ndi mwezi, ndipo umuna wa bambo anaupeza kuti uli bwino. Tsopano dokotala akukayikira ma antibodi, asilikali a m'thupi omwe nthawi zina amaona mbewu ya abambo ngati mdani. Anati akakhala m'chinyezi cha pakhomo la chiberekero amamatirira pa mbewuzo, n'kuzimata pamodzi, moti zimangogwedezeka pamalo amodzi osasambira kukafika ku dzira.

Wanditchulira njira ziwiri. Ina ndi IUI, yotsuka umuna n'kuulowetsa m'chiberekero mwenimweni kuti usadutse pakhomopo. Ina ndi ICSI, yobaya mbewu imodzi m'dzira. Palinso mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, koma ndikuchita nawo mantha, chifukwa thupi lingayambe kugwidwa matenda mosavuta.

Alipo pakati panu amene anapezeka ndi vutoli? Anakuyezani magazi kapena chinyezicho? Munayambira IUI, kapena munapita ku ICSI mwachindunji? Chonde ndiuzeni momwe zinakuyenderani, mtima wanga sukukhazikika.