Msana wawavuta bambo anga, kodi za chiropractor n'zothandizadi?

Admin chonde ndibiseni dzina. Ndili ku Bembeke kuno ku Dedza. Bambo anga ali ndi zaka 61, moyo wawo wonse wakhala wa khasu ndi matumba a kachewere. Masabata atatu apitawo ankakweza thumba pa njinga, anangoti "mayo ine" n'kukhala pansi pomwepo. Kuyambira tsikulo ululu umayambira m'chiuno n'kutsika mwendo wakumanzere mpaka kuphazi. M'mawa ndi kuzizira kwa kunoku amadzuka chogwira khoma, nsapato ndimachita kuwaveka ndine.

Achimwene ali ku Joni akuti kumeneko kuli akatswiri otchedwa chiropractor, amakugoneka pabedi n'kukudinikiza msana ndi manja mpaka ulire kuti khwa. Ndiye kuno kwamveka bambo wina wowongola misana, amakugoneka chafufumimba pamphasa n'kukuponda ndi chidendene. Bambo akuti ndi zomwezomwezo, akufuna apite Loweruka. Ine mtima sukundilola. Ndithandizeni nzeru abale.

Wa ku Lizulu: Mchemwali, musalole ayi. Munthu wa zaka zimenezo mafupa sakhalanso olimba ngati a mnyamata.

Wokhala ku Durban: Si zofanana olo pang'ono. Chiropractic inayambitsidwa ndi Daniel David Palmer mu 1895 ku Davenport, America, ndipo kuno ku South Africa anthu amakaiphunzira zaka zingapo ku Durban University of Technology kapena ku University of Johannesburg, kenako amalembetsedwa. Ine anandithandizako msana utauma chifukwa choyendetsa galimoto, koma asanandigwire anandifunsa mafunso ambirimbiri. Kulira kwa khwa kuja si fupa kubwerera m'malo, ndi mpweya wa m'madzi a m'mfundo, ngati mmene timalizira zala.

Wogwira ntchito ya physiotherapy (mafizo): Pepani ndi matendawo. Msana uli ndi timafupa 33, ndipo pakati pa ambiri a iwo pali kakhushoni kotchedwa disc. Timafupa tisanu ta m'chiuno ndi timene timasenza katundu wambiri. Disc ikatuphira kunja imapanikiza mtsempha wotsikira kumwendo, ndiye ululu umene mukunenawo, timati sciatica. Ambiri amapeza bwino pakapita masabata angapo popanda opaleshoni. Asamangogona tsiku lonse, aziyendako pang'onopang'ono pabwalo, koma khasu ndi matumba ayambe asiya. Chimene ndikupempha, afunseni mosachita manyazi: kodi mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka osazindikira, kapena mkodzo ukukanika? Kodi kumaliseche ndi pokhalira pachita dzanzi? Phazi likukokeka poyenda? Chimodzi mwa izi chikakhalapo, pitani kuchipatala lero lomwe. Komanso ngati akuonda, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, akayezedwe TB, chifukwa TB imadyanso mafupa a msana. Msana wotero kuuponda ndi kumupundula munthu. Chiropractor weniweni sangaukankhe n'komwe.

Mayi wa ku Tsangano: Amuna anga zinawachitikira chaka chatha. Ndinkawathowa ndi nsalu ya madzi ofunda madzulo, pogona chammbali ankaika pilo pakati pa mawondo. Pano akulima, koma thumba amanyamula awiri.

Wa ku Ntcheu boma: Yambirani pa chipatala cha boma ku Dedza, akaona kuti n'zazikulu akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Aliyense wodzitcha dokotala wa msana mufunseni pepala la Medical Council of Malawi.

Wofunsa: Zikomo nonse. Za mkodzozo ine sindikanatha kuwafunsa bambo anga, ndiye ndatuma amalume. Akuti zonse zili bwino, koma chala chachikulu chakuphazi chachita dzanzi kuyambira Lamlungu, ankangobisa. Ndalankhula ndi wa kabaza wa njinga yamoto kuti atifikitse pa msewu mawa m'mamawa. Kodi mabampu a m'njiramo sangawonjezere vuto, kapena ndifune galimoto basi?