Land Cruiser 100 kapena 200: iti yofewa pamaenje, iti yokoka bwino ngolo?

Kambalame82:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali Land Cruiser 100 ya dizilo ya 2005, palinso 200 ya 2012. Ntchito yake ndi kukoka ngolo yolemera matani awiri ndi theka, maulendo ataliatali, paphula ndi pafumbi pomwe. Kodi yatsopanoyo imafewadi moti munthu n'kuwonjezerapo ndalama? Nanga pokoka zimasiyana bwanji?

Sipanala:
Achimwene, yambani mwasuzumira kunsi kwa 100 imeneyo, chifukwa zilipo ziwiri. Ya 105 ili ndi axle yathunthu kutsogolo ngati 80 yakale ija. Ndi yolimba, koma tayala limodzi likagwa m'dzenje galimoto yonse imagwedezeka. 100 yeniyeni tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha pa torsion bar, ndodo yachitsulo yogwira ntchito ya sipuling'i, n'chifukwa chake siilasa msana. 200 ili ndi masipuling'i opota kutsogolo, ndipo zina zili ndi KDSS, yomwe imaigwira kuti isapendekeke pakhona koma imamasuka m'zigwembe. Phokoso la injini m'kati ndi lochepanso kwambiri.

Komabe matayala ndiwo amasokoneza anthu. 100 ya 275/70R16 ili ndi mnofu wambiri m'mbali mwa tayala, umameza timabampu ta msewu wafumbi. 200 yovala 285/50R20 imagunda kuposa pamenepo, ndipo rimu imapindika msanga. Mukatenga 200, pezani marimu a 17 kapena 18.

Ngati 100 yo ili ndi AHC, ija yokwera ndi kutsika yokha, yesani musanalipire. Itsitseni pa L, onani mafuta mu kathanki kake, kenako ikwezeni pa H. Mafuta akatsika mizere yosafika 7, mipira ya nayitulojeni imene imameza mabampu yatha mpweya ndipo galimoto izidumpha ngati ngolo ya ng'ombe. Musalole wina athiremo mafuta a mabuleki, amawononga masilo onse.

MaiGiya:
Pokoka, zonse ziwiri m'mayiko ambiri zimaloledwa makilogalamu 3,500 ngolo ikakhala ndi mabuleki ake, ndi 750 okha ikakhala yopanda. Kusiyana kuli pa mphamvu. Injini ya mu 100, 1HD-FTE ya 4.2, imapereka mphamvu yokokera ya 430 Nm, pamene V8 ya 4.5 ya mu 200, 1VD-FTV, imapereka 650 Nm. Pachitunda ngati cha Chiweta mudzamva kusiyanako. Ya 105 ya injini ya 1HZ yopanda turbo ili ndi 285 Nm yokha, idzakwera ndithu koma mokwawa, singano ya kutentha muli nayo diso.

Chimene ambiri amaiwala ndi kulemera kotsamira pa chokolekera. Kuzikhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ngolo, ndiye kwa inu makilogalamu 250. Kukachepa, ngolo imayamba kugwedeza mchira mukathamanga. Kukachuluka, kumbuyo kumakhala pansi, chiwongolero chimapepuka. Makilogalamu 250 amenewo achotseninso pa katundu ndi anthu amene galimoto imaloledwa kunyamula.

Pa 200 musakokere pa D. Ikani S4, yomwe imaletsa kupitirira giya yachinayi, kuti giyabokosi isamangosinthasintha, apo ayi mafuta ake amatentha n'kuda. Potsetsereka tsitsani giya, mabuleki asapse.

Bambo_wa_Dizilo:
Ndiwonjezere za m'thumba, bambo. Mainjekita a 200 ndi a common rail, opopera dizilo ndi mphamvu yaikulu kwambiri, sagwirizana ndi dizilo wamadzi kapena wa m'zigubu zakuda, ndipo alipo 8. Ikani sefa yachiwiri yolekanitsa madzi. Alternator yake ili m'munsi, matope amaipha. Sitata ili pakati pa V, pansi pa manifold, kuisintha ndi ntchito ya tsiku lonse.

1HD-FTE imapirira zambiri ndipo amakaniko athu amaidziwa bwino, koma ili ndi lamba wa timing wofuna kusintha pa makilomita 150,000. Wogulitsa akapanda kukuonetsani umboni, sinthani sabata yoyamba, chifukwa akaduka mavalavu amagundana ndi mapisitoni.

Ngati kukoka matani awiri ndi theka ndi kwa mlungu uliwonse ndipo mumathira dizilo pa filing'i siteshoni, tengani 200. Ngati galimoto izikhalitsa kutali ndi galaja yokhala ndi kompyuta, 100 yopanda AHC, mashoko atsopano anayi ndi masipuling'i olimbirako kumbuyo, idzakutumikirani bwino.