Ndikusaka fainolo ya Liliyana Natsir ya 2005

Moni nonse pagulu pano. Mwana wanga wamkazi wayamba kusewera badminton ya awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo iye amaima kutsogolo pafupi ndi neti. Mphunzitsi wake akuti aziwonera Liliyana Natsir wa ku Indonesia, uja anatenga golide pa masewero a Olympics ku Rio, m'dziko la Brazil, mu 2016 ndi Tontowi Ahmad. Fainolo imeneyo tayiwonera mpaka mwanayu wayiloweza.

Yandivuta ndi ya mu 2005 ku Anaheim, mzinda wa ku America, pomwe Liliyana, ali ndi zaka 19 zokha, anakhala katswiri wa dziko lonse ndi Nova Widianto. Pa YouTube ndangopezapo tizidutswa tosaoneka bwino, bandulo kungothera pomwepo. Ndinafunsanso pa Facebook, kuli zii.

Kodi alipo amene ali ndi masewero onsewo, ngakhale owulutsa akhale akulankhula chilankhulo cha ku Indonesia? Chonde ndithandizeni.