Thandizeni nzeru: ulendo wa ku Conwy ndi amayi ovutika mawondo

Abale ndi alongo amene mukukhala kumpoto kwa Wales, kapena munafikako, ndithandizeni maganizo. Amayi abwera kuchokera kumudzi kudzationa kuno ku Manchester, ndiye ndikufuna ndikawaonetse Conwy nyengo yozizira isanafike. Tikwera sitima yodzera ku Chester.

Chimene chandikopa ndi linga lija anamangitsa mfumu Edward I kuyambira 1283, lomwe UNESCO inaliika m'gulu la malo osungidwa pamodzi ndi la Caernarfon, Harlech ndi Beaumaris. Koma amayi mawondo amawavuta kwambiri, masitepe ochepa okha amayamba kupumira m'mwamba. Kodi munthu osakwera nsanja zija, kungoyenda pansi m'bwalo lamkati, amaonako zokwanira ndalama yolowera? Za kuyenda pamwamba pa mpanda wozungulira tauni ndazisiya kale. Kanyumba kofiira ka padoko, kamene amati n'kakang'ono kuposa nyumba zonse ku Britain, tingojambulitsa panja basi, sindikuona chifukwa choimira pamzere.

Chachiwiri, tigone ku Conwy komweko kapena ku Llandudno? Ku Llandudno ndikufunako chifukwa cha kasitima kokokedwa ndi chingwe kokwera phiri la Great Orme, kamene kanayamba mu 1902. Amayi akhoza kuona nyanja ali chikhalire. Kodi kumayambiriro kwa Okutobala mphepo yake pamwambapo ndi yopiririka kwa munthu wozolowera kutentha kwa ku Salima?

Komanso amene mukudziwa malo ogona okhala ndi chipinda chapansi, pafupi ndi siteshoni, chonde nditchulireni.