Ndithandizeni posankha jeke ndi masitandi a Land Cruiser

Abale anga a kuno ku Harare, makamaka inu amakaniko, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Land Cruiser yakale yomwe tinaikweza n'kuiveka matayala akuluakulu, moti jeke yomwe inabwera nayo siikufikanso bwino. Sabata yatha ndikusintha mabuleki kunyumba ku Mufakose, ndinasanja njerwa pansi pa jeke. Njerwa imodzi inaphwanyika, galimoto n'kupendekera mbali imodzi. Mwamwayi ndinali ndisanalowe kunsi. Mpaka pano mtima sunakhale m'malo, poti mwana wanga amakonda kukhala pambali kundipatsira masipanala.

Tsopano ndikufuna kutsitsa giyabokosi, ndipo sindilowa kunsiko popanda masitandi, zitsulo zochirikiza galimoto ikakwezedwa. Galimotoyi imalemera kupitirira matani 2. Kodi masitandi a matani 3 akwana, kapena ndigule a matani 6 poti amakhala ataliko? Nanga nambala yolembedwayo ndi ya sitandi imodzi kapena onse awiri pamodzi? Masitandi owotcherera aja a ku msika wa Siyaso ku Mbare ndi otsika mtengo, koma salembedwa kalikonse. Alipo anawagwiritsapo ntchito?

Jeke yaitali ya Hi-Lift ndili nayo, koma imagwedera kwambiri, ndimaisungira kutchire basi. Chinanso, pabwalo panga ndi padothi, palibe simenti. Ndiyale chiyani pansi kuti masitandi asamire?